Masamba Atatu mu Envulopu

Kukatsala sabata ziwiri tsikulo lisanakwane
ndimagwada kuseri kwa khola la nkhosa,
pomwe mpanda wamiyala unagumuka chaka chimene Festy anatisiya,
nkuzula shamuroki ndi chikhadabo.
Kachomera kopanda ulemu, masamba atatu paphesi limodzi,
konyowa ndi mvumbi wa kuno ku Mayo wosadziwa kukata.

Ndimakakulunga m'thonje lachinyezi.
Envulopu yoyamba ndi ya Malachy, mlongo wanga, ku Chicago.
Yachiwiri ya Dervla, mwana wanga, namwino ku Perth,
amene amati a pachipata cha dziko amalanda zomera,
ndisamadzivute.
Ndimatumizabe. Akalanda akaone okha.

Ku positi ofesi kuli Halina, mtsikana wa ku Poland.
Akuika envulopu pasikelo, singano osagwedezeka.
“Mayi Geraghty, tandiuzani,
kadziko kanu nkochepa ngati mpango,
nanga bwanji ku Tokyo, ku Buenos Aires,
pa 17 Malichi amavala zobiriwira
nkuvinira Patiriki Woyera wanuyu?”

Ndikumulozera pawindo.
Mabwinja khumi ndi limodzi paphiripo, opanda denga,
khwangwala yekha ndiye amalipira lendi.
Chiwawu chinalowa m'mbatatesi,
mizere inanunkha, ana anadya udzu,
otsala anakwera zombo.
Munda sungaupinde nkuika m'sutikesi.
Manda a amako sungawasenze.
Anatenga tsiku.
Tsiku sililemera, mwanawe,
ndipo palibe wa kasitomu analilandapo.

Kumene anafikako zitseko zinali gwa.
Anakumba ngalande za eni, kuchapa zovala za eni,
koma kamodzi pachaka ankatuluka mumsewu,
phewa ndi phewa, ng'oma patsogolo,
kuti mzinda uwawerenge.
Unawerenga, nkuyamba kuwapatsa moni.

Mwiniwake wa tsikuli amati sanali wakuno.
Anabedwa ali mnyamata, nkuweta ziweto za wina paphiri lozizira,
anathawa, kenaka nkubwerera yekha kwa omwe anamumanga.
Za njoka zija, zoti anazipirikitsira m'nyanja,
ine sindinaonepo ngakhale fundudwa lake,
koma kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Ndili mtsikana kunalibe phokoso lonseli.
Misa ya m'mawa, kariboni pachifuwa,
mabala onse otseka,
ndi switi imodzi yobera Lenti.
Maperete, zipewa zazitali, mowa wopaka utoto,
zinabwera kuchokera kutsidya ngati katundu wa pa positi.
Tinawatumizira kamera, anatibwezera chikondwerero.

Malachy amaimba foni mawu atasasa:
“Nuala, mtsinje aupaka kale, wabiriwira ngati ndulu!”
Kumbuyo kwake zitoliro zamatumba zikulira,
ozimitsa moto akuguba,
wa ku Mexico, wa ku Korea, aliyense lero
ndi mdzukulu wa winawake wakwathu.
Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ali kumeneko.
Anabwerako kawiri, konse kumaliro.
Amati masamba amafika atafota, akuda ngati tiyi,
amawabaya ndi pini pajekete choncho,
pakati pa anthu obiriwira mbee
iye yekha atavala zouma.
Akatero amakhala chete,
ine nkumamva mpweya wake wokha ndi ng'oma za eni.

Halina wadinda masitampa, di, di.
Sakundipatsa chenji.
Akuyang'ana katsamba kamene kagwera pakauntala,
akukatola ndi nsonga ya chala chonyowetsa.
“Amayi anga ali ku Lublin,” akutero.
“Sakumudziwa woyera wanuyu.
Koma aka kakula pomwe ine ndikukhala.”

Ndikumuuza kuti thonje lisauma,
alinyowetse pang'ono, osati kwambiri.
Akutsegula dilowa kufuna envulopu.
Panja mvumbi uja wayambiranso,
ndipo basi ya ku Castlebar yandisiya.